Kofia ya Iddi

Panali chinthu chimodzi chimene Iddi anali asanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubereka: kofia imene anthu a ku Lungwena ankamutamanda nayo sankaivala chifukwa choopa Mulungu. Ankabisa mfundu.

Zinayamba tsiku lomaliza mayeso a Fomu 4. Akukanda m'mutu pamzere, Zena, mtsikana amene iye ankamufuna chamumtima, anamusasa paphewa n'kufunsa mokweza, "Iwe, wadzera kuchigayo?" Mzere wonse unafa nalo phwete. M'mawa mwake Iddi anavala kofia, ndipo sanaivulenso pagulu. Kumsika, kofia. Kokoka khoka, kofia. Ngakhale pa mpira ankalola kuluza chigoli kusiyana n'kumenya mpira ndi mutu.

Anthu anaona, ndipo anamasulira okha. "Mwana wa Che Uladi uja watengera bambo ake," ankatero azimayi pamjigo. Che Uladi anali mwalimu wa pa madrasa, munthu woti akamadutsa, anyamata ankazimitsa fodya ndi zala.

Mwakabisira, Iddi anapita kuchipatala. Adokotala anamulembera sopo wa mankhwala wonunkha ngati machesi ongozima kumene, n'kumulangiza bwinobwino: kawiri pa sabata basi, thovu likhale m'mutu mphindi zisanu kenako atsukuluze ndi madzi ambiri, lisalowe m'maso, ndipo asapake pamene wadzikanda mpaka kutuluka magazi. Iddi anaona ngati adokotalawo akuumira. Anasamba masiku asanu ndi limodzi otsatizana, ndipo mutu unayaka ngati auviika mu tsabola wa kambuzi. Atabwerera, adokotala anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mankhwala si ndiwo, achimwene, zoti mukachulutsa ndiye zikoma. Kawiri pa sabata. Ndipo kofiayo muzichapa, mutu uzipitidwako mphepo."

Za kawirizo anamvera, kuyabwa n'kuyamba kuchepa. Koma zovula kofia, ayi ndithu. Mfundu zinali zisanatheretu, ndipo Zena anali akadali moyo.

Lachisanu lina atachokera kumzikiti, bambo ake anamuitanira pakhonde. Anali atakhala pamkeka, kalata ili m'manja, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapha chambo chodzaza bwato.

"Khala apa, shehe wamng'ono."

Iddi anakhala. Dzina limeneli silinamukomere.

"Ndakhala ndikukuona miyezi yonseyi," anatero Che Uladi. "Anzako ameta mizeremizere m'mutu ngati munda wa chinangwa. Iwe dzuwa liswe mtengo, kofia ili pamutu. Ndinalembera anzanga a kusukulu ya ushehe, ndipo akulandira. Zaka zisanu. Unyamuka Lolemba."

M'mutu mwa Iddi munayamba kuyabwa nthawi yomweyo, kuyabwa kwake kwa chikalekale. Zaka zisanu! Iye amene sura za Korani zifupizifupi zomwe ankazisokoneza, moti popemphera ankangoyendetsa milomo kumbuyo kwa akuluakulu. Maloto ake onse anali ku Mangochi boma, kugalaja ya amalume ake a Ayub, kumene ankafuna kukaphunzira kukonza injini za maboti. Amalumewo anali atavomera kale. Chinatsala n'kuuza bambo ake, koma pakamwa pa Iddi pankalemera ngati nangula.

"Anthu a kumzikiti asonkha kale ya thiransipoti," anapitiriza bambowo. "Amayi ako akukazinga mtedza wa pa ulendo. Ukuti bwanji?"

Iddi anayang'ana nyerere imene inkakoka mutu wa usipa m'mphepete mwa mkeka. Anaganiza zongovomera. Kodi zaka zisanu n'chiyani poyerekeza ndi kuuza mwalimu wa mudzi wonse kuti kupembedza kwa mwana wake kunali kwa pakhungu? Ankadziwa chimene chikubwera: kukhumudwa, ulaliki wa maola awiri wonena za achinyengo, mwinanso ndodo ya kumadrasa ija, imene inali isanapume pantchito.

Koma anaganizanso za injini, ndi fungo la petulo m'manja.

"Baba," anatero.

"Lankhula."

"Ine... si za Mulungu ayi."

"Chiyani?"

Iddi anatseka maso, n'kuvula kofia. Mphepo ya kunyanja inamukhudza pamutu koyamba pamaso pa munthu chiyambire kuvala kofia, kupatula adokotala aja.

"Ndili ndi mfundu, baba. Kofiayi ndimabisira mfundu. Anandiseka kusukulu. Ndikusamba sopo wa kuchipatala, zayamba kutha. Ushehe sindingauthe, ndikufuna kukonza injini."

Che Uladi anayang'ana mutu wa mwana wawo nthawi yaitali, ngati munthu wosankha nsomba pamsika. Kenako anapinda kalata ija, n'kusuzumira kumsewu, n'kusuzumiranso kukhitchini kumene mtedza unkathetheka.

"Sopoyo akuthandizadi?" anafunsa monong'ona.

"Eya, baba. Kawiri pa sabata, mphindi zisanu."

Bambowo anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuvula kofia yawo. Pa mapewa a mkanjo wawo wakuda panagwa zoyera, waa, ngati afumbula thumba la ufa.

"Ukuyesa umwalimuwu ndinaupeza bwanji ine?" anatero. "Agogo ako nawonso anangoona kofia. Zaka makumi atatu, mwanawe. Thamanga ukatenge sopoyo amayi ako asanatulukire."