Madzi Akubwera ku Valdeluengo

“Eulogio, ikani pansi nkhwangwayo! Mitengo imeneyi anabzala ndi agogo anu!” anakuwa Casilda atamukoka malaya mwamuna wake.

“Ndisiye, mkazi iwe! Ukufuna maolivi anga adyedwe ndi nsomba?”

Boma linali litamanga damu kumunsi kwa chigwa, ndipo anthu a m’katauni ka Valdeluengo anauzidwa kuti asamuke chifukwa madzi amiza zonse. Anansi anali atapita kale pangolo, belu la tchalitchi nalo litatsitsidwa. Eulogio anakagwadira mkulu wa apolisi, anachonderera mpaka mawu kusasa, koma yankho linali limodzi: “Bambo, Lachisanu tisakupezeni muno.”

Ndiye anadula. Mtengo ukamagwa, iye ankabuula ngati wabayidwa. Atamaliza munda wonse anatentha nyumba imene anabadwiramo.

“Nanga tikagona kuti?” anafunsa Casilda, misozi ili chuchuchu.

“Ku Barcelona. Akuti kufakitale safunsa kumene munthu wachokera.”

Patapita zaka zambiri awiriwa anabwerako imvi zili mbuu, kuti adzaone nyanja imene inameza kwawo. Atatsika basi, Eulogio anavula chipewa. Madzi analekezera kumunsi kwa mlatho wolowera m’katauniko, sanakwerenso. Nyumba za anansi zinali chilili, ana awo akuzipaka laimu, minda ili yolemera ndi zipatso. Malo a zitsa ndi makoma akuda anali amodzi okha, a Eulogio.

Casilda anamugwira mkono.

“Valani chipewa, bambo, dzuwa laswa mtengo. Tiyeni, basi ingatisiye.”