Zikhomo Zofiira M'munda wa a Glória

Chikhomo chomaliza chinakana kuzuka. Ivone anachigwedezera uku ndi uku, n'kuchimenya ndi chidendene, mpaka dothi linalola. Penti wofiira anam'kanirira m'manja. Anasuzumira kumsewu. Kunali zii. Linali Lamulungu, bairu lonse, dera lawo la m'tauni, lili kutchalitchi.

Zikhomozo anazipeza atabwera kudzathyola nandolo. Zinali zinayi, ndipo zinazungulira mbali ya kumtunda, pamene panali moyo wa munda wonse: mitengo ya mapeyala imene malemu bambo ake anabzala, chitsime, ndi uvuni wa njerwa. Njerwazo anaumba iye ndi amayi ake, a Glória, chilimwe chonse, kuti chaka chamawa atuluke m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika.

Nkhani yake inali pakamwa pa aliyense m'Milange. Konselho, khonsolo ya tauniyo, inkafuna malo a chipatala cha amayi oyembekezera ndi nyumba za aphunzitsi, koma thumba lake linali lopepuka. Tindalama ta matikiti a mumsika tinkathera kusesa msika womwewo. Ndiye inapeza njira. Itenge minda ya m'mbali mwa msewu, iidule maploti, amalonda ofuna mashopu alipire, ndipo ndalamazo zipepesere eni mbewu ndi kugulira malo a chipatala.

Tsiku la msonkhano wofotokoza zimenezi, a Glória anali ku Majaua kodwazika mchemwali wawo, kumene foni imagwira ukakwera pachulu. Ivone anapita m'malo mwawo. Anafika pampanda wa sukulu, n'kuona pamabenchi pali akuluakulu okhaokha. Akanalowa, onse akanacheuka. Anaima kaye ngati akudikira munthu, kenako anabwerera msonkhano usanayambe.

Koma chikhomo chimafuna womasulira ngati? Kwawoko munthu akakhoma mtengo m'munda wa mnzake, ndiye kuti wanena kale kuti pano mpanga. Amalume ake dimba linawachoka momwemo. Ndipo wa shopu angafune kuti, kusiya pamtunda pabwino, pafupi ndi msewu ndi madzi? Amayi anam'siyira munda uli wathunthu. Akadzabwera awauze chiyani?

Anasenza zikhomozo n'kutsikira nazo kumunsi, kumene munda umathera m'chigwembe. Kumeneko kunali miyala ndi minga, ndipo mvula ikagwa madzi a m'phiri amadutsa pomwepo. Anazikhoma ndi mwala, chimodzichimodzi, motalikirana monga anazipezera. Mayenje a kumtunda anawakwirira n'kuwazapo masamba ouma.

"Ngati mukufuna malo, tengani kuno," ananong'ona.

Mantha ndiye anayamba pamenepo. Kuzula chikhomo cha boma si nkhani yothera kupolisi? Anatsuka manja ndi mchenga mpaka khungu kutentha, koma kapenti kanatsalira m'zikhadabo. A Edmundo, mlembi wa bairu, anabwera kunyumba. Anaodira, n'kuodiranso. Ivone anali kuseri kwa chitseko, dzanja pakamwa. A Edmundo anasiya uthenga kwa mwini nyumba woti mwanayo akawapeze pa nkhani ya zikhomo. Ivone sanapiteko. Akawaona mumsewu ankakhotera m'chimanga cha eni ake.

Tsiku lina ali m'nandolo, anamva galimoto ikuima. Anagwada pansi. Anthu a konselho anatsika ndi chingwe choyezera, n'kuzungulira pamapeyala osapezapo kanthu. Mmodzi analoza kumunsi. Anatsikira m'chigwembe muja, n'kuima akukanda m'mutu. Wina anaseka. Komabe anayeza, anajambula ndi foni, n'kumapita. Palibe amene anatchula za apolisi.

Ivone anakhala pansi pomwepo, misozi ili mbwee. Zatheka. Boma latenga miyala.

A Glória atabwera, asanavule ndi nsapato zomwe, Ivone anawauza kuti apite akaone munda. Zimene anachitazo sanawauze. Ankafuna ayambe aona mapeyala awo ali chilili, njerwa zili pamalo pake.

Anapeza lole itatsanula mchenga pafupi ndi chitsime. Bambo wina wachilendo ankayeza ndi mapazi kuchokera kumsewu, ndipo waganyu wake anali atazika kale nkhwangwa patsinde la mpeyala waukulu. A Edmundo anaima pamthunzi, manja kumbuyo.

A Glória anagwetsa chikwama. "A sekeretariyo, n'chiyani chimenechi? Anthuwa akutani m'munda mwanga?"

Ivone, amene sayankhula pamaso pa akulu, anangozindikira kuti mawu atuluka okha.

"Tiyu Edmundo, alakwitsa! Malo a boma si pano. Ndi uko kumunsi, kuli zikhomoko. Auzeni asiye, chonde!"

A Edmundo anam'yang'ana nthawi yaitali, kenako anavula chipewa.

"Iwe mwana, ndinakufunafuna bwanji? Ndinkati ndikufunse ngati amayi ako aganiza bwino. Kumsonkhano tinanena poyera: m'kati mwa zikhomo ndi mmene tikusiyira mwini munda, ndipo amene sanakondwe napo asunthe yekha. Ine ndinakukhomerani dala pamapeyala pano. Inu mwasankha chigwembe, ife talemba chigwembe. Kuno alipira kale, ndalama yake yagula malo a chipatala."

A Glória anatembenukira kwa Ivone. Anangoyang'ana zikhadabo za mwana wawo.