Anapeza Bedi Litayalulidwa

Filimu itafika pa gawo la kuchipatala, mlembi wa buku limene anapangira filimuyo anawongoka pampando. M'chipinda choonetseramo munali anthu atatu okha: iyeyo, mlongo wake, ndi wokonza filimuyo.

M'buku lake, mnyamata amatsika basi, n'kuthamangira ku wodi, n'kupeza mayi ake akupumabe. Amawamwetsa madzi ndi sipuni, kenako iwo amatsirizikira m'manja mwake. Koma mufilimu, pa khoma apa, namwino anali akuyalula kale bedi, mnyamatayo asanakwere n'komwe basi.

"Imitsani!" anakuwa mlembi. Chithunzi chinaima. "Mwaitembenuziranji nkhani yanga? Mwanayo amafika mayi ake ali moyo."

"Pepani bambo, tinayesa ndithu," anatero wokonza filimu. "Tinajambula momwe munalembera, koma onse amene anaonera ankati sizikumveka zoona. Titaika imfa patsogolo, basi pambuyo, zonse zinangokhala m'malo mwake."

Mlembi anacheukira mlongo wake kuti amuikire kumbuyo. Mayi awo akudwala, mlongoyu ndiye anagona pansi m'wodi milungu itatu, akumuimbira foni iye osayankha. Buku litatuluka analiwerenga, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri sananenepo kanthu.

Mlongoyo sanachotse maso pa khoma, pamene namwino anali chiimire, nsalu ya pabedi ili m'manja.

"Zisiyeni momwemo, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Sipuni ija ndinagwira ndine."