Telala amene anamwaza buku lake pa foni

Panali mayi wina, telala, amene ankalemba nkhani zopeka makasitomala akachepa. Mng'ono wake, namwino, nayenso ankalemba. Tsiku lomwe osindikiza mabuku anavomera buku la namwinoyo, banja linasonkhana pabalaza kwa mayi awo. Amalume ndi akazi awo analipo, azakhali analipo, mlamu anabwera ndi zakumwa, ngakhale msuweni uja amene sapezeka ndi pamaliro pomwe anafika. Wosowa anali mmodzi: telala. Anatumiza uthenga woti mutu ukumuwawa.

Sunali mutu. Osindikiza omwewo anali atamubwezera lake buku, ndi mawu akuti nkhaniyo ndi yabwino koma pakati ikukwawa, akonze adzatumizenso. Iye anangomvapo kuti ayi. Ankapalasa makina msoko ukukhota, akuganiza za mwana amene anamubereka kumsana, amene anamuphunzitsa kugwira pensulo, lero ndiye akuomberedwa m'manja.

Mawa lake namwino anadzera ku shopu, akadali mu yunifolomu.

"Achemwali, inenso anayamba andikana. Ndinakonza. Bwerani tiwerengere limodzi."

"Wakula eti? Lero ukuphunzitsa amene anakupukuta mamina? Dzuka apo, wakhalira diresi ya eni ake."

Namwino anapempha kuti angobwerekako mapepala a buku lokanidwalo. Telala anamuponyera, nati akakulungire mapilitsi kuchipatala.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wodzafupikitsa thalauza, mlendo, wa pakamwa potsekemera. Atamva dandaulo, anati osindikiza ndi anthu akale, wanzeru amangoika yekha pa intaneti. Telala sanafunse kuti bamboyo analembapo chiyani. Anangowerengera kuti la mng'ono wake lisanafike m'mashopu, lake likhala litatuluka kale. Analiika lonse, laulere, osasintha ndi liwu limodzi lomwe.

Mitu yoyamba anthu anaikonda, ndipo telala ankaonetsa foni kwa aliyense wodzayesa malaya. Kufika pakati, anthu anayamba kuzimiririka. Wina analemba kuti, kodi nkhaniyi ikutha liti? Telala anafufuta, nati ameneyo ndi mnzake wa namwino, wachita kutumidwa.

Kenako foni inalira. Anali mkonzi wa kwa osindikiza. Anati mng'ono wanu wakhala akubwera kuno akaweruka, mapepala ali m'manja, kutichonderera kuti tiwerengenso. Tawerenga, tikulifuna, pakatipo tikonzera limodzi. Anangofunsa chimodzi, ngati bukulo linatulukapo kwina.

Telala anamva mkonziyo akubayabaya kompyuta.

"Mayi, mwagawira kale msika wonse. Nanga ife tigulitsa chiyani?"

Telala anachotsa zonse pa intaneti tsiku lomwelo, koma madzi anali atatayika kale. Anthu anali atakopera, akutumizirana m'magulu, dzina lake litagwera m'njira. Kasitomala wina mpaka anamutumizira iye mwini, nati: "Werengani iyi, wolemba sindikumudziwa, koma pakati muzidumpha."

Mpaka lero zotsala ndi izi. Zikomo wa maulendo a namwino aja sanaperekedwe. Pepani wa mawu a mapilitsi sanaperekedwe. Mayi awo akudikirabe ana awo awiri pa mpando umodzi. Namwino sanalonjerere chilichonse, ndipo ngongole yosalonjereredwa ndiyo imalemera.

Phunziro: Akakukanira nkhani, werenga chifukwa chake kawiri, mtima ukazizira, ndipo konza. Kudziikira wekha pa intaneti si tchimo, koma uziika chifukwa nkhani yapsa, osati chifukwa choti m'bale wako wakupitirira, ndipo dziwa kuti ukagawa yonse ena sadzaigulanso. Tumizirani aliyense amene amalemba, makamaka amene akudwala mutu mnzake akamasangalala.