Kapu ya Bwezani

Ku kalabu ya okwera mapiri ku Kabulonga, aliyense akamapita paulendo amavundikira kapu yake pashelefu, n'kudzaivundukula yekha akabwerako.

Kapu ya Bwezani inali ikadali chivundikire, fumbi lili mbuu. Anzake anabwerako ku mapiri a Muchinga ndi nsapato yake imodzi yokha.

"Ba Eness," anatero wapampando, maso ali pansi, "tili na membala watsopano. Pafunika malo pashelefu."

Eness anayang'ana kapu ya mwamuna wakeyo. M'mawa momwemo anali atawauzanso ana kuti adadi akubwera.

"Nanga akabwela, azavundukula chani?" anafunsa wapampandoyo.



Eness ananyamula kapuyo chivundikire chomwecho, ndipo m'minibasi, njira yonse ya kwawo ku Chelstone, anaigwira ndi manja awiri kuti isatembenuke.