Nambala Yopanda Dzina

Makina osindikizira anatsokomola kawiri, kenako zii. Kampamba anayang'ana mulu wa makalendala a mpingo, theka lokha losindikizidwa. Bwana anali atanena poyera kuti makalendalawo akapanda kutuluka pofika Lachisanu, miyezi yake itatu yoyesedwa ntchito ithera pomwepo. Ulova ankaudziwa Kampamba: zaka zinayi akupondaponda m'tauni ya Lusaka, envulopu ya masatifiketi ili kukhwapa.

Komabe poyamba sanade nkhawa kwenikweni. Kampaniyo inali ndi gulu la pa Watsapu limene mabwana ankalinyadira koopsa. Ankati masiku ano nzeru sizikhalanso m'mutu mwa munthu mmodzi, zimakhala m'gulu, aliyense n'kumatapa. Kunena zoona, ambiri ankangoponyamo mavesi a m'mawa ndi zithunzi za makeke. Koma munali nambala imodzi, yopanda dzina, yopanda chithunzi, imene inkalankhula za makina basi. Inki ikatapakira, inkati masula pang'ono kabawuti kakumanzere. Mapepala akamalowa awiriawiri, inkati yamba wawapeta, amata ndi chinyezi. Sinaphonyepo n'kamodzi komwe. Kampamba sankakayika: ameneyu ndi injiniya wa ku likulu ku Kabulonga, munthu wa tayi wosafuna kutchuka.

Anajambula makinawo n'kutumiza m'gulumo. Ola linatha. Ba Davies oyendetsa galimoto anayankha ndi kachithunzi ka chala choloza m'mwamba. Wina anatumiza manja opemphera. Aa, manja opempherawo ndiye amange bawuti? Nambala ija inangoti duu.

Masana anayesa yekha. Anamasula apa, n'kumanga apo, makinawo n'kuyamba kununkha ngati waya wopsa. Mantha anamugwira zenizeni. Anaganiza za mkazi wake ku Chilenje, amene anali atalengeza kale kwa abale onse kuti mavuto atha.

Anakwera masitepe kupita kwa ba Cathy, olemba anthu ntchito, amenenso ankayang'anira gululo. Anawachonderera kuti amulumikize ndi injiniya uja, amuimbire yekha, ngakhale kumugwadira amugwadira. Ba Cathy anadabwa. Anati kampaniyo ilibe injiniya, ndipo sinakhalepo naye. Kampamba anawapatsa foni yake, n'kuwaonetsa mayankho onse a miyezi itatu ija, limodzilimodzi.

Ba Cathy anaiyang'anitsitsa nambalayo, kenako anaseka pang'ono.

"Oo, iyi? Ni ya ba Besa, amene inu munalowa m'malo mwawo. Tinawachotsa nchito mu Juni. Kansi akali mu gulu?"

Anatola foni yawo, n'kudina kawiri.

"Mwachita bwino kunikumbutsa. Nawachotsa."