Bondo la Nevyana

Nevyana anabaya mapu ndi chala mpaka kapu ya khofi inagwedezeka. "Tidzera apa, pamwamba penipeni. Sindingachoke ku Samokov kuno kupita ku Austria kukayenda m'chigwa ngati ana a sukulu."

Lyuben, mwamuna wake, anapitiriza kupaka phula kunsi kwa matabwa awo otsetserekera pa chipale chofewa, amene anawagoneka pa tebulo la m'galaja. Kwa zaka makumi anayi awiriwa ankakwera mapiri akwawo a Rila matabwa ali kumapazi, kutali ndi makina okweza anthu, kenako n'kutsetsereka pamene sipanaponde munthu. Chaka chino anakonza zokaponda mapiri akunja: masiku asanu a mwezi wa Malichi, kuchoka pa chigono china kukagona pa chinzake.

Njira zinalipo ziwiri. Yapamwamba inkadutsa pa mpata wa pakati pa nsonga za mapiri, pamtunda wa mamita 3,400. Ya m'chigwa sinkapitirira mamita 2,300, ndipo Lyuben moyo wake wonse ankanyoza njira zotero kuti n'za anthu amene anabwera kudzajambulitsa.

Koma pa 9 Januwale dokotala wa mtima anamuuza mawu amene sanawaulule kwa wina aliyense. Asapitirire mamita 2,500. Makamaka ndiye angokhala pakhomo.

Kukhala pakhomo? Iye, Lyuben? Mapiritsi anawabisa m'chitini chakale cha phula, pa shelefu ya pamwamba imene Nevyana sankaifikira, ndipo ankamwa mobisa ngati mwana wakuba shuga. Analumbira mumtima kuti ulendowo apita basi. Akanati atchule yekha njira ya m'chigwa, mkazi wake akanamuyang'ana kamodzi kokha n'kudziwa zonse. Kunali bwino kukagwera pa mpatapo kusiyana n'kumangidwa pa mpando ndi bulangeti m'miyendo.

Komabe akayang'ana nambala imene inali pansi pa chala cha Nevyana, pachifuwa pankamuthina.

Nevyana anadzuka kukatenga pensulo. Anayenda motsimphina, dzanja lili pa bondo lakumanzere limene analikulunga ndi bandeji kwa milungu ingapo tsopano. Lyuben analiyang'ana bondolo, ndipo nzeru inamubwerera.

"Ndi mwendo umenewo?" anatero. "Mayi inu, masitepe a nyumba ino akukukanikani. Pa mpatapo mukakwera ndi chiyani, pakamwa?"

"Bondo ndi langa."

"Msana wokakuberekani potsika ndi wanga."

"Ndani wakupemphani kundibereka, madala inu? Ngati mukuopa nenani, ndikapeza anyamata ondiperekeza."

"Ine kuopa!" Lyuben anamenyetsa chopalira phula pa tebulo. "Ndinayamba kukwera phiri inu musanadziwe kumanga nsapato. Ndikunena za inu. Bondolo likakakana pamalo otsetsereka kwambiri, mudzaima. Mukaima dzuwa lidzakwera, chipale chidzafewa, kenako chidzagumuka n'kutikwirira tonse awiri. Sindikaika mkazi wanga m'manda a eni."

"Ndiye mukufuna ndikaseketse anthu m'chigwa?"

"Tidzera m'chigwa, kapena matabwa awa ndiwabwezera kudenga. Sankhani."

Anakangana mpaka khofi anazizira. Nevyana anamutcha wamakani, nkhalamba yolamula, munthu amene sanamverepo mkazi wake chikwatirire. Lyuben sanasunthe. Aliyense amene akanawamva akanati uyu ndiye mwamuna wosamala banja, ndipo iye mwini anayamba kukhulupirira zomwezo. Potsiriza Nevyana anaponya pensulo pa mapu.

"Chitani zimene mukufuna. Koma anzathu akafunsa, mudzanene kuti munandikakamiza ndinu."

"Ndidzanena, ndipo mokweza."

Nevyana anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Lyuben anakhala pansi, mtima uli m'malo. Wapulumuka. Ulendo ulipo, ulemu wake uli pomwepo, chinsinsi chili m'chitini. Anamumvera chisoni pang'ono mkazi wake, amene analandidwa mpata wake chifukwa cha tchimo la wina. Anaganiza zodzamugulira magolovesi atsopano.

Panatsala vuto limodzi. Zigono za m'chigwa zimadzaza msanga, ndipo Febuluwale anali atapita kale pakati. Malo akasowa, Nevyana abwereranso ku mpata wake. Anatenga foni, naimba nambala ya chigono choyamba imene inali kuseri kwa mapu, nayamba kuthyola Chijeremani chake chochepacho. Anthu awiri, pa 16 Malichi, dzina ndi Gerginov.

Mayi woyang'anira chigonocho anati malo onse anatha kalekale.  Kenako mayiyo anamupempha kuti abwereze dzina, ndipo anamveka akutembenuza mapepala.

"Gerginov? Koma inu muli nawo kale malo, bambo, kuno ndi zigono zinazo zonse. Akazi anu anaimba pa 10 Januwale. Anafunsanso kuti chipatala cha mtima chili kutali bwanji."

Lyuben anatsala foni ili kukhutu. Chitseko chinatseguka, Nevyana nalowa akuyenda bwinobwino, bandeji ili m'manja akuipinda.

"Nthawi ya mankhwala yakwana, madala. Ali m'chitini cha phula. Nditsitse ndine kapena mufikira nokha?"